Mphezi Yopanda Mvula: Kabuku ka Mabanja Okhala M'tsinde mwa Phiri

Munthu wokulira m'tsinde mwa phiri amawadziwa masana a mwezi wa Okutobala. Dzuwa lili paliwombo, nkhuku zabisala pansi pa nkhokwe milomo ili yasa, tsekera wauma moti ukamuponda amangoti thethethe. Ikamakwana 2 koloko mitambo yakuda yaunjikana pamwamba pa phiri, mabingu ayamba kugunda, amayi akuthamangira kukanula ufa pabwalo. Mphepo yadzutsa fumbi, fungo la mvula lamveka. Kenaka timadontho tiwiri titatu pamalata, basi yatha. "Yatinamiza," amatero amayi, n'kuyalanso mphasa.

Kabuku kano ndakalemba chifukwa cha tsiku limenelo. Makolo athu anaitcha mvula yoyamba chizimalupsa, poona kuti ikagwa imazimitsa moto wa m'tchire ndi kutsuka phulusa. Koma chizimalupsa chisanafike, pena kumabwera mitambo yonyamula mphezi yokhayokha, madzi ayi. Mitambo imeneyi siizima moto, imayatsa.

Ndineneretu kuti moto wolusa wambiri m'mapiri a Mulanje, Zomba, Dedza, Viphya ndi Nyika umachokera m'manja mwa anthu: osaka mbewa, ofula njuchi, ootcha makala, ososa m'munda, ndi otaya ndudu isanazime. Tisanamizire mphezi zimene tachita tokha. Komabe moto wa mphezi uli ndi khalidwe lakelake limene mabanja ambiri salidziwa, ndipo chilichonse chimene mungachite poutchinga chidzakutchingiraninso moto wa mlenje.

MVULA YOTHERA M'MALERE

M'dzinja mpweya wa pansi pa mtambo umakhala wachinyezi, choncho madontho amafika pansi bwinobwino. M'chilimwe mtambo umakhala m'mwamba kwambiri, ndipo pakati pa mtambo ndi nthaka pamakhala mpweya wotentha, wouma gwa. Mvula imatuluka ndithu mumtambomo, koma imauma ili m'njira, monga amaumira madzi mukawawaza pachiwaya chamoto. Mukayang'anitsitsa mudzaona michira yotuwa ikulendewera kunsi kwa mtambo, yosafika pansi. Imeneyo ndi mvula yothera m'malere. Mphezi yokha ndiyo siuma m'njira. Akatswiri a zanyengo amati mabingu ndi ouma ngati mvula yofika pansi siikwana mamilimita 2.5, madzi osatha n'kugonetsa fumbi komwe.

Mphezi imatentha kufika madigiri pafupifupi 30,000. Ikagwera pamtengo wouma kapena patsekera, sipafunika machesi. Chinanso n'chakuti mvula ikamauma m'malere imaziziritsa mpweya, mpweya wozizirawo n'kugwa pansi mwamphamvu ndi kumwazikira mbali zonse. Ndi mphepo ija imasasula madenga mitambo ikada. Ndiye kuti mtambo umene wayatsa moto, womwewonso ndiwo ukuupemerera, ndipo mphepo yake ilibe mbali: pano ikuchokera kum'mawa, posakhalitsa yatembenuka.

Mphezi imakonda malo okwera, zitunda ndi mitengo yaitali yoima payokha. Kumeneko kulibe msewu, kulibe munthu woti aone msanga.

Ndikudziwa kuti ena mwa ife amakhulupirira kuti mphezi imachita kutumizidwa. Sindikangana ndi munthu m'kabuku kano. Pempho langa ndi limodzi: pamene mudzi ukufunsana kuti waitumiza ndani, chitsa chikufuka m'phiri. Tiyambe tazimitsa.

ZIMENE ZINAONEKA KU CALIFORNIA

Ku California, m'dziko la America, chilimwe chimakhala cha m'ma Juni mpaka Seputembala, ndipo mvula siigwa. Pakati pa Ogasiti 2020, chinyezi chotsalira cha namondwe wotchedwa Fausto, wa m'nyanja ya Pacific, chinadutsa pamwamba pa mpweya wotentha kwambiri. M'masiku ochepa okha mphezi zoposa 10,000 zinagwa, mvula pafupifupi osagwa, ndipo moto unabuka m'malo mazanamazana nthawi imodzi. Kumpoto kwa derali, moto wa malo osiyanasiyana unalumikizana n'kukhala chimoto chimodzi chimene anachitcha August Complex. Chinatentha mahekitala oposa 400,000. Nkhalango ya paini ya ku Chikangawa, itadzalidwa yonse, inali mahekitala pafupifupi 53,000, ndiye ganizirani nkhalango zoterozo pafupifupi 8 zitapsa. M'mapiri a Santa Cruz moto wina wa mphezi zomwezo unapsereza nyumba ndi zomanga zina pafupifupi 1,500.

Limenelo ndi dziko la ndege zothira madzi ndi ozimitsa moto zikwizikwi, koma anachepa. Mlenje amayatsa malo amodzi, mphezi imayatsa malo makumi madzulo amodzi, ndiye thandizo silingafike ponseponse. N'chifukwa chake lamulo la kumeneko limakakamiza eni nyumba za pafupi ndi tchire kulambula mamita 30 kuzungulira nyumba. Ife kuno galimoto zozimitsa moto zili m'mizinda ikuluikulu, ndipo m'phiri sizingakwere. Chotiteteza ndi khasu, chikwakwa ndi maso athu.

MOTO WOGONA

Ngati mungaiwale zina zonse za m'kabuku kano, gawo ili lokha musaliiwale.

Moto wa mphezi suonekera nthawi zonse tsiku lomwelo. Mphezi ikamenya mtengo wa mphako, chitsa chakale kapena masamba owola amene aunjikana pansi pa nkhalango, moto umatha kulowa m'kati n'kumanyeka pang'onopang'ono, wopanda malawi, utsi wake wosaoneka. Timadontho tija timanyowetsa pamwamba pokha, pansi makala ali moyo. Umagona choncho masiku, mwina milungu. Tsiku lotentha la mphepo likafika, umadzuka.

Ndili mnyamata ndinapita ndi malume kukadula nsungwi kuphiri, patatha masiku anayi chigundire mabingu opanda mvula. Tinapeza mtengo wakale utasendeka khungwa mzere umodzi kuchokera kunsonga mpaka kutsinde, ngati wina waukanda ndi chikhadabo. Utsi panalibe. Ine ndinkangofuna kupitirira, koma malume anaima n'kununkhiza. Anagwada, nagunditsa kuseri kwa dzanja pansi pafupi ndi mizu.

"Mphwanga, tabwera ugwire apa."

Dothi linali lofunda ngati pamafuwa pamene aphulapo mphika. Atakumba ndi chikwanje, m'kati mwa muzu wowola munali makala ofiira psuu, ndipo atangowomberedwa ndi mphepo anayamba kuthetheka. Masitepe asanu kuchokera pamenepo panali tsekera wofika m'mapewa. Nsungwi sitinadule tsiku limenelo. Tinatsikira kumtsinje maulendo angapo ndi kachigubu kathu ka madzi akumwa, malume akukumba ndi kuvundula matope, mpaka dzanja litalowa m'dzenjemo osamva kutentha.

Zoterezi zachitikapo pamlingo woopsa. Pa 7 Juni 2017 moto unalowa m'tauni ya Knysna, kugombe la kumwera kwa South Africa, kumene abale athu ena amagwira ntchito. Anthu 7 anamwalira, nyumba mazanamazana zinapsa. Akatswiri a bungwe la CSIR atafufuza anapeza kuti mbali ina yaikulu ya motowo inachokera pamalo pamene mphezi inagwa milungu ingapo m'mbuyomo, moto n'kumanyekera pansi mpaka tsiku limene kunawomba chimphepo chouma.

Choncho mabingu akagunda mvula osagwa, banja lililonse liziyang'ana kuphiri m'mawa ndi madzulo kwa sabata ziwiri. M'mamawa, mphepo isanadzuke, kautsi kochepa kamaoneka bwino chifukwa kamayandama pamalo amodzi. Usiku kuwala kofiira kumaoneka patali. Abusa a mbuzi ndi amayi otola nkhuni ndiwo maso a mudzi, auzeni kuti akaona mtengo wong'ambika chatsopano kapena akamva fungo la utsi pamalo popanda munthu, adzanene tsiku lomwelo.

Pokazimitsa musapite nokha, ndipo musatume ana. Pitani akuluakulu atatu kapena anayi, m'mawa kukadali kozizira, ndi makasu, nkhwangwa ndi madzi. Yambani mwapalira mozungulira malowo mpaka dothi lioneke, kenaka kumbani, thirani madzi, vundulani, thiraninso. Kungokwirira ndi dothi sikuzima moto wa m'chitsa, paja ootcha makala amakwirira dala kuti nkhuni zinyeke bwino. Yesani ndi kuseri kwa dzanja, ndipo mawa lake mubwereko kudzaonanso. Yang'ananinso m'mwamba, mtengo wopsa m'kati umagwa mosachenjeza. Ngati malowo ali m'nkhalango ya boma, dziwitsani alangizi a zankhalango msanga.

NTCHITO YA JUNI, OSATI YA OKUTOBALA

Akuluakulu anati moto umapita kumene kwatsala tchire. Mphezi simungaiuze pogwera, koma tchire la pakhomo panu lili m'manja mwanu. Nthawi yake ndi mukangokolola, kuyambira Meyi mpaka Julayi, udzu usanaumitsitse. Wolambula mu Okutobala utsi uli kale m'maso wachedwa.

Nyumba zambiri sizipsa ndi malawi enieniwo. Zimapsa ndi timakala touluka ndi mphepo, timene timatsogola patali moto usanafike, n'kugwera pa chinthu chouma. Ndiye zungulirani nyumba yanu ndi funso limodzi: kakala kamoto katagwa apa, kapeza chakudya? Kuzungulira nyumba, khitchini, nkhokwe ndi khola, mamita 10 akhale osesedwa, opanda udzu kapena zinyalala. Kupitirira pamenepo, mpaka mamita 30 ngati malo alipo, tchetchani udzu ukhale wam'munsi ndipo sadzani nthambi za m'munsi za mitengo, kuti moto wa pansi usapeze makwerero.

Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri ndi mitolo ya udzu wofolera yoimikidwa pakhoma la nyumba, kudikira kufolera mu Novembala. Mayi wavutika kumweta mwezi wathunthu, ndiye akufuna udzuwo ukhale pafupi kuopa akuba ndi ng'ombe. Ndikumvetsa. Koma mitolo imeneyo ikagwira moto, denga limapsa munthu asanatunge ndowa imodzi. Iunjikeni pakati pa malo osesedwa, patali ndi nyumba ndi nkhokwe. Chimodzimodzi mulu wa nkhuni, mapesi a ziweto, matumba a makala ndi zigubu za petulo. Ngati mpanda wanu ndi wa udzu, usagundane ndi denga.

Denga la malata lili bwino kuposa la udzu, koma masamba ouma ounjikana pamwamba pake ndi m'mipata ya pakati pa khoma ndi malata amalandira timakala tija. Sesani, ndipo matani mipatayo. Paini ndi bulugama zili ndi utomoni ndi mafuta, zimayaka mwaukali, choncho zisayandikire nyumba. Mango, mapeyala ndi nthochi zimasunga madzi. Mzere wa nthochi kumunsi kwa nyumba umafooketsa moto, bola muzichotsa masamba ake ouma.

Pamalire a mudzi ndi tchire, komanso kuzungulira nkhalango ya m'mudzi ndi manda, palambulidwe njira yotchinga moto. Kutchetcha kokha sikukwanira, palirani mpaka dothi. M'lifupi mwake musachepere mamita 5, ndipo pamene tsekera ndi wamtali kapena malo ndi otsetsereka, onjezerani, makamaka kumunsi kumene moto umachokera. Udzu umene mwapalira musausiye m'mphepete mwa njirayo, utengeni mukapangire manyowa. Gwiritsani ntchito zimene zilipo kale, monga msewu, mtsinje kapena thanthwe, n'kuzilumikiza. Mu Seputembala mitengo ikayoyola masamba, sesaninso, chifukwa njira yodzaza masamba ndi mlatho wa moto. Dziwaninso kuti tsiku la chimphepo timakala timalumpha njira yotere. Ntchito yake ndi kufooketsa moto ndi kukupatsani poima pouzimitsa.

Pali njira ina, yotentha tchire molawirira. Ogwira ntchito ku Nyika amatentha udzu m'zigawo nyengo yozizira, ukadali ndi chinyezi, kuti moto waukali wa m'chilimwe usapeze chakudya ndi kulowa m'nkhalango zobiriwira. Njirayi imathandiza, koma si ya munthu mmodzi ndi bokosi la machesi. Pakhale chilolezo cha amfumu, malangizo a alangizi a zankhalango, anthu okwanira, njira yotchinga yolambulidwa kale, ndiponso madzulo opanda mphepo. Ikadutsa Julayi, isiyeni. Lamulo la zankhalango la 1997, limene linakonzedwanso mu 2020, limaletsa kuyatsa moto m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo, ndipo chilango chake n'chowawa.

A ku Mulanje ndi Phalombe ali ndi chifukwa china chapadera. Mkungudza, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa dziko lino mu 1984, kwawo kwenikweni ndi m'phiri la Mulanje. Macheka anatha mitengo ikuluikulu, ndipo chiyembekezo chatsala pa mbande zimene zakhala zikudzalidwa m'phirimo. Mbande ya mkungudza siipirira moto. Moto wa masana amodzi umafafaniza ntchito ya zaka zambiri. N'chifukwa chake nthambi ya zankhalango, bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi yozungulira amalambula njira zotchinga moto pamwamba pa phiri. Madzi amene mumamwa m'tsinde amachokera komweko.

Mutu umodzi susenza denga. Pemphani amfumu aitanitse msonkhano nyengo yozizira isanathe, pamodzi ndi komiti ya zachilengedwe ndi komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Mugwirizane chizindikiro chimodzi cha moto, kaya ndi mluzu, ng'oma kapena belu la kutchalitchi, ndi malo amodzi okumanira opanda udzu, monga bwalo la mpira losesedwa. Dambo louma si pothawira. Mutchulane maina: agogo akutiakuti adzawanyamula ndani, wolumala wa nyumba yakuti adzamutulutsa ndani. Pakhomo sungani m'thumba limodzi chiphaso cha unzika, mabuku a kuchipatala, mankhwala a tsiku ndi tsiku, masatifiketi a sukulu ndi mbewu ya chaka chamawa, ndipo aliyense adziwe pamene thumbalo limakhala.

MABINGU AKAMAGUNDA

Mphezi imapha ngakhale mvula isakugwa. Mukaona kung'anima, werengani mpaka mumve bingu: masekondi 3 alionse ndi kilomita imodzi. Koma musadalire kuwerenga kokha, bingu likamveka ndiye kuti mphezi ikhoza kukufikani. Tsikani pachitunda, tulukani m'madzi, chokani pansi pa mtengo woima pawokha, lowani m'nyumba ndipo musatsamire khoma kapena kugwira mawaya. Dikirani mphindi 30 chigundire bingu lomaliza. Anyamata oweta ziweto auzidwe kuti mbuzi zikhoza kudikira.

Munthu woombedwa ndi mphezi sasunga magetsi m'thupi. Mugwireni mosaopa. Ngati sakupuma, mugonekeni chagada, panikizani pakati pa chifuwa mwamphamvu ndi mofulumira osaleka, wina akufuna thandizo lopitira kuchipatala.

MOTO UKAYANDIKIRA

Pachigwa moto umayenda, paphiri umathamanga. Malawi amaweramira kumtunda n'kuumitsiratu udzu wa kutsogolo, moti malo akapendekeka ndi madigiri 10 liwiro la moto limawirikiza kawiri, akapendekeka ndi madigiri 20 limawirikiza kanayi. Munthu pokwera amachepetsa liwiro, moto pokwera umawonjezera. M'zigwembe ndi m'makwawa ouma ndiye koposa, chifukwa mphepo imakokera moto m'menemo ngati mu chumuni cha ng'anjo.

Pa 5 Ogasiti 1949, ku Mann Gulch m'mapiri a Montana ku America, gulu la ozimitsa moto linatsika ndi maparachuti kukalimbana ndi moto umene mphezi inayatsa dzulo lake. Mphepo itatembenuka, moto unalumphira kumunsi kwawo n'kuyamba kukwera. Anyamata amphamvu, ophunzitsidwa bwino, anathamangira kumtunda, ndipo 13 anafa. Mtsogoleri wawo, Wagner Dodge, ataona kuti sangaupose, anayatsa udzu pamene anaima, nagona chafufumimba paphulusa la malo opsawo, moto waukulu n'kumudutsa. Anapulumuka. Sindikukuuzani kuti muziyatsa moto mukapanikizika, iye anali katswiri ndipo anachita mwayi. Chimene ndikufuna mugwire n'chakuti moto wa paphiri suthawidwa chokwera, ndipo malo opsa kale ndiwo malo abwino. Thawirani cham'mbali, motsetserekera kumunsi, kapena lowani palupsa podutsira pamene malawi ndi aafupi.

Pozimitsa, musaime kutsogolo kwa moto kapena kumtunda kwake. Yambirani kumbuyo, kumene wapsa kale, n'kumautsata m'mbali, mukuupanikiza. Nthambi zaziwisi, masaka onyowa, makasu ndi sipuleya yotsukidwa bwino yodzaza madzi ndizo zida zathu. Menyani chokankhira timakala kumalo opsa, osati chomwaza. Malawi akapitirira m'chifuwa mwa munthu wamkulu, nthambi sizingathandize, bwererani kunjira yotchinga ija mukaudikire kumeneko, kapena dikirani madzulo pamene moto umafooka. Munthu mmodzi asamenye nawo, aime poonekera, ntchito yake ikhale kuyang'ana mphepo ndi kukuwa ikatembenuka. Aliyense adziwe kothawira asanayambe.

Valani zovala za thonje zokwirira mikono ndi miyendo, ndi nsapato zotseka. Majezi a mpira ndi nsalu zina za nayiloni zimasungunuka n'kukakamira pakhungu. Imwani madzi pafupipafupi. Woledzera asayandikire, ndipo ana akhale kumalo okumanira aja, owerengedwa.

Moto wobwezera, uja woyatsa dala kuti ukakumane ndi unzake, wapulumutsapo midzi, komanso waphapo anthu amene anali pakati osadziwika. Auyatse munthu wodziwa, kuchokera panjira yolambulidwa, atatsimikiza kuti kutsogoloko kulibe munthu.

Kunyumba, masulani mbuzi za pachingwe ndi kutsegula makola moto ukadali kutali. Dzazani ndowa ndi migolo, tsekani mazenera ndi zitseko, nyowetsani denga la udzu ndi nkhokwe ngati madzi alipo. Okalamba, odwala chifuwa cha mphumu, amayi oyembekezera ndi ana achoke msanga, utsi usanatseke njira. Denga likagwira moto, tulukani ndipo musabwererenso kukatenga katundu. Mukazingidwa panja, funani malo opanda udzu, kuseri kwa thanthwe kapena m'dzenje, gonani chafufumimba, funditsani thupi ndi bulangeti lokhuthala kapena dothi, mphuno ili pafupi ndi nthaka pamene pali mpweya wabwinoko.

WINA AKAPSA

Zovala zikagwira moto asathamange. Agwe pansi agubuduke, kapena mumukulunge ndi bulangeti. Thirani madzi oyera ozizira pabalapo kwa mphindi 20. Vulani mphete ndi zibangili malo asanatupe, koma nsalu yokakamira pakhungu musaimatule. Musapakepo mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ophikira, ndowe kapena phulusa, ndipo matuza musawaboole. Phimbani ndi nsalu yoyera. Bala loposa chikhatho cha wopsayo, bala la kumaso, m'manja, m'mapazi kapena kumalo obisika, bala lililonse la mwana wamng'ono, ndiponso munthu amene mawu asasa kapena akubanika ndi utsi, onsewa apite kuchipatala tsiku lomwelo. Ali m'njira, ngati akutha kumeza, azimwa madzi kapena thanzi pang'onopang'ono.

PALUPSA

Moto ukadutsa, ntchito siinathe. Zitsa ndi ndowe zouma zimasunga moto masiku angapo, choncho yenderani m'mphepete mwa lupsa m'mawa uliwonse mpaka mutatsimikiza kuti zazizira. Ana asasewere pamenepo, phulusa loyera limabisa maenje a makala.

Kenaka ganizirani za mvula. Phiri lopsa lilibe chogwira madzi. Mvula yoyamba yamphamvu imatsika ndi phulusa, dothi ndi miyala, n'kudzaza mitsinje ndi zitsime. Anthu a ku Phalombe amene anaona napolo wa mu Malichi 1991, ndi onse amene anaona zimene namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023, akudziwa mphamvu ya madzi otsika m'phiri. Masoka amenewo anadza ndi mvula yoopsa, koma phiri la mbee limapatsa madzi njira yosavuta ngakhale pa mvula wamba. Ngati kumtunda kwa nyumba yanu kwapsa, yalani mizere ya miyala ndi zipika mopingasa chitunda, konzani ngalande zopatutsa madzi, ndipo mvula ikakhazikika dzalani vetiva m'mizeremo. Usiku wa mvula yamphamvu, a nyumba za m'mphepete mwa khwawa akagone kwa abale.

Mitengo yachilengedwe yakuda ndi moto musafulumire kuigwetsa poganiza kuti yafa. Misuku ndi mitengo ina ya m'tchire lathu ili ndi makungwa okhuthala ndi mizu yakuya, ndipo yambiri imaphukira. Kandani khungwa ndi chikwanje pang'ono: mukapeza chinyezi ndi kubiriwira m'kati, usiyeni. Msipu wanthete ukamera palupsa mbuzi ndi ng'ombe zimaukonda, koma zimadyera kumodzi ndi mphukira za mitengo. Gwirizanani ndi amfumu kuti ziweto zisalowe pamalo opsawo dzinja loyamba lonse, kufikira udzu utabereka njere.